Makina osokera okha sangamudyetse mayi wa ku Dzaleka

Ukatsegula tsamba la Facebook la bungwe lothandiza anthu othawa kwawo, chithunzi chake sichisintha kwenikweni. Amayi andanda pamzere, masatifiketi ali m'manja, kutsogolo kwawo kuli makina osokera onyezimira. Pansi pake alembapo kuti amayiwa tsopano adziimira paokha. Ife timadina kachala koyamikira, n'kupitirira.

Koma pali mafunso omwe chithunzicho sichiyankha. Mayiyu akasoka madiresi khumi, agulitsa kwa ndani? Nanga nsalu ikatha akaoda kuti, poti lamulo silimulola kutuluka mumsasa popanda chilolezo?

Mafunsowa ngathu, chifukwa msasa wa Dzaleka uli konkuno ku Dowa, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Lilongwe. Malowa adali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo adasanduka msasa mu 1994, chaka chomwe ku Rwanda anthu adaphana mwaunyinji. Adakonzera anthu osaposa 12,000. Lero kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Alipo ena adabadwira komweko, akulira komweko, pano nawonso ali ndi ana. Zoti akungosungidwa kwakanthawi zidatha kalekale.

Thandizo likuchepa, mtolo ukugwera mayi

Kwa zaka zambiri bungwe la WFP linkagawa chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira, kenako lidayamba kupereka ndalama. Mu Julayi 2023 lidadula thandizolo ndi theka chifukwa thumba lidaphwa. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense wogula ufa akukumbukira zomwe zidachitika pamsika. Mu 2025 dziko la America, lomwe lakhala likuponya ndalama zambiri ku WFP ndi ku UNHCR, lidadula thandizo lakunja mpaka kutseka USAID. Mabungwe awiriwa adachepetsa antchito ndi ntchito zawo padziko lonse.

Pakhomo zinthu zikavuta chonchi, amene ana amamuyang'ana dzuwa likamalowa ndi mayi. Ndiye amaima pamzere wa pamjigo, ndiye amasaka nkhuni kapena makala, ndiye amakakongola ufa kwa mnansi. Ambiri mwa amayi a ku Dzaleka akulera okha ana, amuna adafa pankhondo kapena adasiyana pothawa.

Ndipo njala ikalowa m'nyumba, akamberembere sachedwa. Mu 2022 bungwe la UNODC pamodzi ndi apolisi a dziko lino adaulula gulu lozembetsa anthu ku Dzaleka, ndipo anthu oposa 90 adapulumutsidwa. Ena mwa iwo adali amayi ndi atsikana omwe ankawagwiritsa ntchito yogonana. Ndiye tikamakamba za geni ya mayi wothawa kwawo, sitikukamba zongomusangalatsa ayi. Tikukamba za chomwe chingamuteteze iyeyo ndi mwana wake wamkazi kwa munthu wobwera ndi lonjezo la ntchito ku Joni.

Lamulo lomwe lidakalamba

Vuto lalikulu lagona m'malamulo athu. Malawi idalowa m'pangano la United Nations la 1951 loteteza othawa kwawo mu 1987, koma idakana kumangidwa ndi ndime zisanu ndi zinayi. Zina mwa izo ndi zokhudza ufulu wolembedwa ntchito, woyenda ndi kusankha kokhala, komanso wokhala ndi katundu. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989.

Mantha a nthawi imeneyo ndi omveka. Dziko lino linkalandira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique omwe adafika poposa 1 miliyoni. Koma nkhondoyo idatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, anthuwo adabwerera kwawo, lamulo lokha n'kutsala momwemo.

Zotsatira zake tidaziona mu 2023. Mu Malichi boma lidalamula anthu pafupifupi 8,000 omwe ankakhala kunja kwa msasa kuti abwerere pofika pa 15 Epulo. Kuyambira pa 17 Meyi, nduna ya chitetezo cha m'dziko ali a Ken Zikhale Ng'oma, apolisi ndi asilikali adayamba kuwagwira. Mazanamazana, kuphatikizapo amayi ndi ana, adagona ku ndende ya Maula asanawatengere ku Dowa. Mashopu adatsekedwa, makontena a pamsika wa Mgona adalandidwa.

Taganizani bwino. Ambiri mwa anthu amenewa ndi omwe adakwanitsa chomwe mabungwe amachilalikira: ankadzidyetsa okha, kulipira lendi kwa malandilodi achimalawi, osadikira thandizo. Tidawabwezera pamzere wolandira chakudya miyezi iwiri yokha WFP isanadule chakudyacho ndi theka.

Msika wotsekedwa sukula

Apa mpomwe maphunziro a ntchito zamanja amagundira khoma. Mumsasa anthu ambiri ndalama amazipeza kumalo amodzi, nthawi imodzi, ndipo zimathera ufa, nyemba ndi makala. Mukaphunzitsa amayi ambirimbiri utelala, kupanga sopo ndi kuphika mandasi, onsewo akalimbirana makasitomala omwewo opanda ndalama. Diresi losokedwa bwino lipikisananso ndi kaunjika wotchipa. Mapeto ake makina aja amagulitsidwa kuti ana adye, bungwe litalemba kale lipoti loti zatheka.

Bizinesi imakula ndalama zikamachokera kunja. N'chifukwa chake zomwe zikuyendako ku Dzaleka ndi zomwe zili ndi wogula wochokera kwina. Lachiwiri lililonse kumakhala msika waukulu, eni ake amati Mardi Marché, komwe alimi ndi ageni a ku Dowa amakumana ndi a mumsasa. Kibebe, yomwe idabadwa kuchokera ku bungwe la There Is Hope, imalemba othawa kwawo pamodzi ndi Amalawi kusoka zinthu monga zikwama za chitenje zomwe zimagulitsidwa ku Lilongwe ngakhalenso kunja. Chikondwerero cha Tumaini, chomwe Trésor Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, adachiyambitsa mu 2014, chimakoka alendo omwe amagula chakudya ndi kulipira malo ogona m'nyumba za mabanja a mumsasa. Mu 2018 New Finance Bank, yomwe pano ndi Centenary Bank, idatsegula nthambi komweko. Banki sipita kopanda ndalama.

Njira zothandiza zikudziwikanso. Banki m'khonde, yomwe CARE idayambitsa ku Niger mu 1991 ndipo amayi athu amaidziwa bwino, imapatsa mayi pokongola popanda chikole cha munda kapena nyumba, zomwe wothawa kwawo alibe. Bungwe la BRAC ku Bangladesh lidayamba mu 2002 njira yophatikiza zinthu zingapo nthawi imodzi: mpamba kapena ziweto, kandalama kodyera poyembekezera phindu, kusunga ndalama, komanso mlangizi woyendera banjalo pafupipafupi. Kafukufuku wa m'maiko asanu ndi limodzi yemwe adatuluka mu 2015 adapeza kuti mabanja ambiri adapitirira kupeza bwino thandizolo litatha. Phunziro lake ndi losavuta: munthu wanjala amadya mpamba. Ngati simudakonze za mphika wa lero, musayembekeze bizinesi ya mawa.

Mayi ali ndi zakezake zina zomwe okonza mapulojekiti amaiwala. Sangakhale m'kalasi tsiku lonse kapena kupita koodetsa ngati palibe womusiyira mwana. Ndalama ikalowa pa foni ya mwamuna kapena ya mlamu, mwini thukuta sangailamule. Malo osungirako ana ndi akaunti ya m'dzina lake zili ndi phindu kuposa mwambo wopereka masatifiketi.

Nanga Mmalawi wa geni?

Wina anena kuti, ife eni dziko ntchito tilibe, madigiri ali m'sutikesi, ndiye tiyambe kudandaulira alendo? Dandaulo limeneli si lopepuka. Mavenda omwe adaombera m'manja mu 2023 adali ndi zifukwa zawo: mpamba wochepa, ngongole za chiwongoladzanja chokwera, ndi opikisana nawo omwe amaoda mogwirizana n'kumagulitsa motchipa. Mayi wa ku Mponela kapena kwa Msakambewa nayenso akuvutika ngati mnzake wa mumsasa, ndipo pulojekiti yomulumpha imangobzala chidani.

Koma tifunsane moona. Chitsekereni mashopu aja, geni yanu idakwera? Mitengo idatsika? Chomwe chikupha bizinesi zazing'ono m'dziko muno ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kukwera mitengo kwa katundu ndi kuchepa mphamvu kwa kwacha. Mayi wa ku Burundi wogulitsa tomato sadayambitse zimenezi.

Anzathu adayesa njira ina. Uganda, yomwe ikusunga othawa kwawo oposa 1.5 miliyoni, idakhazikitsa lamulo mu 2006 lowalola kugwira ntchito ndi kuyenda, ndipo imawapatsa kamalo kolima. Akatswiri a yunivesite ya Oxford adapeza mu 2014 kuti ku Kampala othawa kwawo ena a mabizinesi amalemba ntchito eni dziko. Sikuti kumeneko kulibe mavuto, nakonso chakudya chidadulidwa ndipo minda ikuchepa. Komabe Ethiopia mu 2019 ndi Kenya mu 2021 adasinthanso malamulo awo kulowera komweko. Adaona kuti munthu womangidwa manja kwa zaka 30 amasanduka mtolo wa boma, pomwe wololedwa kugwira ntchito amalipira msonkho.

Malawi nayo idalonjeza pamsonkhano wa ku Geneva mu 2019 kuti iunikanso malamulo ake ndi kuphatikiza othawa kwawo m'mapulani a chitukuko. Lonjezolo likudikirabe lamulo latsopano lodutsa ku Nyumba ya Malamulo.

Sizikutanthauza kungotsegula chipata aliyense achite zofuna zake. Boma likhoza kupereka ziphaso za geni zotchipa kwa othawa kwawo olembetsedwa, khonsolo n'kumatolera ya msika, MRA n'kumatolera yake. Likhoza kulola magulu a amayi kupita koodetsa ndi kogulitsa popanda kupempha chilolezo ulendo uliwonse. Mabungwe nawo ayambe ndi kufunsa kuti wogula ali kuti asanagule makina, ndipo gulu lililonse likhale losakaniza amayi a mumsasa ndi a midzi yozungulira. Ophwanya malamulo, kaya ozembetsa anthu kaya ozembetsa madola, agwidwe payekhapayekha, osati mtundu wonse.

Inu amene mukuwerenga pa foni muli ndi mbali yanu. Phungu wanu akamayankhula pa wailesi kapena pa gulu la WhatsApp la kwanu, mufunseni maganizo ake pa lamulo la 1989. Mukaona chithunzi china cha amayi ndi masatifiketi, funsani bungwelo kuti mwa omwe adamaliza chaka chatha, ndi angati akadali pa geni lero.

Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Alongo athu ambiri ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, akuluka tsitsi ndi kugwira ntchito zam'nyumba uku akuthawa apolisi ndi magulu odana ndi alendo. Tikamva kuti awathamangitsa, timakwiya, ndipo timati munthu wongofuna kudyetsa ana walakwanji. Mayi wa ku Dzaleka akufunsa funso lomwelo, ndipo oyenera kumuyankha ndife.