Tulutsani Mbale M'kabatimo

Abale anga, sabata ino tikangane za mbale. Inde, mbale zodyera.

M'nyumba zambiri, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, muli kabati ya pabalaza yokhomedwa ndi loko. M'katimo mwandanda mbale zagalasi zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, matambula obiriwira ndi timakapu tamaluwa tomwe anasiya agogo. Zimatuluka pa Khirisimasi, pa chinkhoswe, kapena abusa akabwera. Masiku ena onsewa ana anu akudyera m'mbale yapulasitiki yokalikakalika, yomwe mafuta ake sachoka ngakhale muikweche ndi phulusa. Ine ndikuti uku n'kudzinyoza, ndipo mwambo umenewu uthe.

Mukudziwa kumene galasi lamitundumitunduli linatchukira? Chuma cha ku America chitagwa mu 1929, makampani monga Jeannette, Hazel-Atlas ndi Hocking ankaumba mbale ndi makina m'zikombole, zambirimbiri, zapinki, zobiriwira, zachikasu ndi zabuluu. Zinali zotchipa kwambiri moti zina ankazipereka ulere kwa ogula mafuta a galimoto ndi olowa m'nyumba za kanema, zina ankaziika m'mabokosi a chakudya ngati banyira. Zinali mbale za munthu wovutika, zoti tebulo lake lioneke bwino ngakhale ndiwo zachepa. Lero osonkhanitsa zinthu zakale amazitcha Depression glass n'kumaziika m'mashelefu osazidyera. Mbale yopangidwira mmphawi yasanduka fano. Ifenso tikuchita zomwezo, eti?

Mundiuza kuti, "Aise, mlendo amafunika ulemu." Sindikukana. Koma akuluakulu anati mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera wapita, otsala ndi omwe aja amene amatunga madzi, kusinja ndi kusesa pakhomopo. Mwana amene wakula akuona kuti chabwino chilichonse n'cha anthu obwera amaphunzira kuti iye ndi wachiwiri m'nyumba ya makolo ake. Phunziro limenelo silichoka msanga.

Mundiuzanso kuti ana aswa. Zoona, aswa imodzi kapena ziwiri. Nanga aphunzira liti kugwira chinthu mosamala ngati chilichonse chomwe amagwira chimangodumpha chikagwa? Nkhani yagona pa kasankhidwe. Osangotengeka ndi maluwa a pambale. Funsani ngati ingapirire moyo wa tsiku ndi tsiku.

Poyamba dziwani kuti magalasi safanana. Mbale za ku America zija, monga Cherry Blossom ya Jeannette kapena American Sweetheart ya MacBeth-Evans, sizigwirizana ndi kutentha kodzidzimutsa. Ikani mtanda wa nsima wochoka kumene pamoto pa mbale yozizira m'mwezi wa Juni, mungomva thee! Zimenezo zisungireni zipatso, mandasi ndi buledi. Za nsima ndi msuzi funani galasi lolimbitsidwa, ngati la Duralex ya ku France, imene inayamba mu 1945. Galasi limeneli amalitentha kwambiri n'kuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mpweya, motero kunja kwake kumakungika n'kulimba. Likagwa nthawi zambiri limapulumuka, ndipo likasweka limayoyoka tizidutswa ting'onoting'ono m'malo mwa zisonga zazitali zocheka phazi. Tembenuzani mbale muwerenge dzina pansi pake musanapereke ndalama.

Kenako sankhani mtundu wopezeka mosavuta. Royal Lace yabuluu ya Hazel-Atlas ndi yokongola, koma mtengo wake ndi woti ikasweka mukhala maliro m'nyumba. Mbale yomwe mukuiopa simungaidyere. Tengani mtundu umene mnzake mungathe kumupeza pa kaunjika kapena kwa azakhali. Ndipo ndani ananena kuti zonse zifanane? Yofiirira pambali pa yobiriwira sizimenyana.

Chenjeraninso ndi utoto. Mtundu umene uli m'kati mwa galasi lenilenilo ndi wabwino kuposa maluwa ongopakidwa pamwamba, chifukwa utoto wina wakale unkakhala ndi mtovu, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana. Ngati utotowo ukusupuka, mbaleyo isaone chakudya. Magalasi ena akale obiriwira mopita ku chikasu ankasakanizamo uranium, n'chifukwa chake amawala akaunikidwa ndi tochi yoyesera ndalama zachinyengo. Amenewo okha ndi amene ndikuvomera kuti akhale m'kabati. Pomaliza yendetsani chala m'mphepete: yobenthuka kapena yokhala ndi mng'alu isiyeni, idzakuchekani mlomo kapena kugawikana muli pakati pa chakudya.

Taonani zomwe zimachitika mwini kabati akatisiya. Achibale amagawana mbale zija, zina zimasweka pa lole popita kumudzi, zina zimakathera pa msika. Mayi uja anazipukuta fumbi moyo wake wonse, koma kuzidyera mwina sikunakwane kakhumi. Ndiye ankasungira ndani?

Madzulo ano pezani kiyi wa kabatiyo. Tulutsani mbale zinayi zolimba, muzitsuke ndi madzi ofunda, muikemo nyemba ndi mpiru womwewo wa masiku onse, mwana wamng'ono alandire yakeyake. Amene akuti ndikunama abwere ndi mfundo, koma ayambe watiuza kuti mbale zake zabwino anazidyera komaliza liti.