Kubereka mothandizidwa ndi chipatala ku Luchenza ndi m'minda ya tiyi ya ku Thyolo

Kubereka mothandizidwa ndi chipatala ndi njira zimene madokotala amatsata pofuna kuti mayi atenge pakati pamene banja lalephera kutero palokha. Njira yotchuka kwambiri ndi IVF, pomwe dzira la mkazi limakumanitsidwa ndi umuna mu labotale, kenako mluza umaikidwa m'chiberekero. Zipatala za boma m'Malawi sizipereka chithandizo cha IVF, ndipo dzikoli lilibe lamulo lapadera loyendetsa njirazi. Komabe mafunso amene njirazi zimadzutsa si achilendo ku Luchenza, tauni ya pamsewu wa M2 m'malire a maboma a Thyolo ndi Mulanje, kumene Alomwe ndi Amang'anja ambiri amatsata chikamwini ndipo mwana amawerengedwa ku mtundu wa mayi ake.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati banja lili ndi vuto la kusabereka ngati latha miyezi 12 likukhalira malo amodzi popanda kulera koma mimba osaoneka. Mu Epulo 2023 bungweli linalengeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi mmodzi aliwonse amakumana ndi vutoli nthawi ina m'moyo wake, ndipo chiwerengerocho sichisiyana kwenikweni pakati pa mayiko olemera ndi osauka. M'Malawi, kafukufuku wa Janine Barden-O'Fallon wa ku Mangochi, amene anasindikizidwa mu 2005, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse ananena kuti anavutikapo kupeza mimba.

Vutoli limabisika chifukwa chidwi cha boma ndi mabungwe chakhala chili pa kulera. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 tikatengera pakatikati, ndipo pofika 2015 mpaka 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 4.4. Anthu ena amaona ngati dziko la ana ambiri silingadandaule za kusabereka. Zoona zake n'zakuti kumene aliyense ali ndi ana, amene alibe ndiye amaonekera patali. Mkazi amatchedwa chumba, mwamuna amatchedwa gojo kapena amanenedwa kuti anagwa m'papaya, ndipo mayinawa amamutsatira munthu mpaka pamaliro ake.

Chimene chimavuta amayi ambiri m'chigawo chino cha Africa ndi kutsekeka kwa machubu odutsamo mazira. Machubuwa amatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe msanga, monga chinzonono, komanso matenda obwera pambuyo pobereka kapena pochotsa mimba mosatetezeka, ndi likodzo lofika ku ziwalo zoberekera. Kafukufuku wa Guttmacher Institute ndi College of Medicine anayerekeza kuti mu 2015 mokha m'Malawi munachotsedwa mimba pafupifupi 141,000. N'chifukwa chake amayi ambiri osabereka ndi oti anaberekapo kamodzi kenako n'kusiya. Mbali ya abambo nayo ndi yaikulu, chifukwa pafupifupi theka la mabanja ovutika, vuto limakhudzanso umuna. Kuyeza umuna kumangofunika maikulosikopu ndi munthu wodziwa ntchito, koma ambiri mwa abambo amayamba athamangira kukatafuna gondolosi. Muzu umenewu ndi wotchuka ku Thyolo ndi Mulanje pa nkhani ya mphamvu za kuchipinda, zomwe ndi zosiyana ndi kukhala ndi mbewu yobereka.

Njira zake

Chithandizo chimayambira pa mapiritsi othandiza kuti dzira likhwime, monga clomiphene, amene si okwera mtengo. Pamwamba pake pali IUI, pomwe umuna wosefedwa umathiridwa m'chiberekero ndi kachubu. Zonsezi sizithandiza ngati machubu onse awiri ndi otsekeka. Apa ndi pamene IVF imalowera, chifukwa imalambalala machubuwo. Mayi amabayidwa jakisoni kwa masiku pafupifupi khumi kapena kupitirira, mazira amatengedwa ndi singano, ndipo mluza umabwezeredwa pakatha masiku atatu kapena asanu. Kwa amayi osakwana zaka 35, pafupifupi mmodzi mwa atatu ndiye amabereka pa ulendo umodzi, ndipo mwayi umatsika kwambiri zaka zikapitirira 40.

Mwana woyamba wa IVF, Louise Brown, anabadwa pa 25 Julaye 1978 ku Oldham m'dziko la England, mwa ntchito ya Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy. Ku South Africa woyamba anabadwa mu 1984 pachipatala cha Tygerberg. Lero ana obadwa mwa njirayi aposa 10 miliyoni.

Fisi, nthena ndi mbumba

Makolo anali ndi njira zawo. Mwamuna akakhala wosabereka, akuluakulu a banja ankatha kupangana mwachinsinsi kuti mwamuna wina, wotchedwa fisi, azilowa m'nyumbamo usiku mpaka mkazi atatenga pakati. Mwana wobadwayo ankakhala wa mwini nyumba, ndipo fisiyo sankaloledwa kumutchula kuti ndi wake. M'madera ena, vuto likakhala kwa mkazi, mwamuna ankapatsidwa mng'ono wa mkaziyo, mwambo wodziwika ndi mayina monga nthena, hlazi kapena mbirigha. Fisi wobereketsa ameneyu si yemwe uja wa kusasa fumbi kapena kulowa kufa, amene anamveka dziko lonse pa mlandu wa Eric Aniva wa ku Nsanje mu 2016, ngakhale dzina ndi limodzi.

Edzi inasintha zonsezi. Thyolo ndi limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri ndi HIV, ndipo bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito m'bomali mu 1997. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 ndi la HIV and AIDS Act limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 amaletsa miyambo yoika anthu pachiopsezo, ndipo fisi ali m'gulu limenelo. Kuletsaku kunali ndi zifukwa zomveka, makamaka poti mkazi kawirikawiri sankafunsidwa maganizo ake. Koma funso limene fisi ankayankha silinachoke. Njira yakale inatsekedwa, ndipo njira ya chipatala, yogwiritsa ntchito umuna woyezedwa matenda popanda kugonana, ili kutali ndi munthu wa ku Luchenza.

Chikamwini chimatembenuza mkangano wa anthu opereka mbewu. M'mabuku ambiri a ku Ulaya ndi kumadera a chitengwa, nkhawa yaikulu imakhala pa umuna wa munthu wachilendo, chifukwa dzina ndi chuma zimadutsa kwa bambo. Kwa Alomwe ndi Amang'anja, mwana ndi wa mbumba ya mayi, woyang'anira wake wamkulu ndi malume, ndipo munda umadutsa kuchikazi. Mwana wobadwa ndi umuna woperekedwa sasuntha malire a munda wa aliyense. Chovuta kwambiri ndi dzira loperekedwa, kapena mayi wonyamula mimba m'malo mwa mnzake. Kodi mwanayo ndi wa mbumba ya mwini dzira, kapena ya amene anamva zowawa za kubereka? Ku Thyolo, kumene malo aakulu ali m'manja mwa maesiteti a tiyi ndipo anthu a m'midzi amalimbirana timinda tating'ono, funso limeneli lingathere pabwalo la mfumu. Mkamwini wosabereka nayenso ali pamalo oterera, chifukwa chimene chimamumanga pamudzi wa mkazi wake ndi ana, ndipo popanda ana kusudzulidwa sikuchedwa.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Fisi ankadalira kuti pasapezeke woulula. Dziko la Britain linasintha lamulo mu 2005 kuti mwana wobadwa ndi mbewu yoperekedwa azitha kudziwa dzina la woperekayo akakwanitsa zaka 18. Ambiri mwa akatswiri lero amati mwana ali ndi ufulu wodziwa kumene anachokera, koma m'mudzi momwe kuulula kungachititse bambo kukhala choseketsa pamowa, ufulu wa mwana ndi ulemu wa bambo zimawombana.

Zimene zipembedzo zimanena

Mpingo wa Katolika, womwe pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi 17 mwa 100 aliwonse m'Malawi, umakana IVF ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Chikalata cha Donum Vitae cha 1987 ndi cha Dignitas Personae cha 2008 chimapereka zifukwa ziwiri: kubereka sikuyenera kulekanitsidwa ndi mgwirizano wa m'banja, ndipo mluza ndi moyo wa munthu umene suyenera kuumitsidwa mufiriji kapena kutayidwa. Mpingowu sukana mankhwala kapena opaleshoni yothandiza thupi kubereka mwachibadwa. Mu Januwale 2024 Papa Francis anapempha kuti kunyamulirana mimba kuletsedwe padziko lonse.

Mpingo wa Seventh-day Adventist, umene uli ndi mphamvu ku Thyolo chifukwa cha mishoni ya Malamulo ku Makwasa yomwe inayamba mu 1902, unatulutsa malangizo ake mu 1994. Malangizowo amalola banja kulandira chithandizo chotere, koma amachenjeza za kulowetsapo munthu wachitatu. Asilamu a Chisunni amatsata chigamulo cha ku Al-Azhar cha 1980, chimene chimalola IVF ngati dzira ndi umuna ndi za anthu okwatirana, ndipo chimakana mbewu ya wina. Mipingo yambiri ya Chipentekosite imatsindika mapemphero ndi kusala kudya, ndipo si zachilendo kuti banja lithe zaka likuzungulira pakati pa mneneri ndi sing'anga pamene zaka za mayi zikupita.

Mkangano wa mluza umakhudzana ndi wa kuchotsa mimba. Mu Marichi 2021 Nyumba ya Malamulo inakana kukambirana bilu ya Termination of Pregnancy imene anabweretsa phungu Matthews Ngwale, mipingo itaitsutsa mwamphamvu. Bilu iliyonse yonena za kusunga kapena kutaya miluza ikhoza kukumana ndi khoma lomwelo.

Mpata wa m'malamulo

Malawi ali ndi malamulo a ukwati a 2015, a chisamaliro cha ana a 2010, a chuma chamasiye a 2011 ndi oletsa kuzembetsa anthu a 2015, koma palibe limene linalembedwa poganizira mwana wa amayi awiri. Mgwirizano wonyamulirana mimba ukasokonekera, khoti lingafunike kusoka yankho kuchokera ku malamulo opangidwira zinthu zina.

South Africa inadutsa kale m'njira imeneyi. Mu 1987 Pat Anthony, wa zaka 48, anabereka ku Johannesburg ana atatu a mwana wake wamkazi, n'kukhala gogo wobereka zidzukulu zake. Lero mutu 19 wa Children's Act ya 2005 umafuna kuti khoti lalikulu livomereze mgwirizano mimba isanaikidwe, umaletsa kulipira mayi wonyamula mimbayo kupatula zimene wawononga, ndipo umafuna kuti mmodzi mwa makolo akhale mwini dzira kapena umuna. Khoti la malamulo aakulu a dzikolo linatsimikiza mfundo yomalizayi mu 2016. India, imene inali msika waukulu wa ntchitoyi, inatsekera alendo mu 2015 ndipo inaletsa malonda ake ndi lamulo la 2021.

Zimene zinachitika ku India zikusonyeza kuti malonda otere amasamukira kumene kuli umphawi koma kulibe lamulo. Amayi ambiri othyola tiyi amalembedwa ntchito nyengo yamvula yokha, ndipo chilimwe chikafika amakhala opanda malipiro. Kwa mayi wotere, ndalama yogulitsira mazira kapena kubwereketsa chiberekero ingapose malipiro a nyengo yonse, ndipo n'kovuta kunena kuti wavomera mwaufulu. Ena amayankha kuti kumuletsa ndi kumulanda chisankho pa thupi lake pamene palibe amene akumupatsa ntchito ina. Chikhulupiriro cha anthu nachonso n'chosalimba. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ina. Chipatala chotenga mazira ndi umuna popanda kufotokoza bwino chingayatse moto womwewo.

Ndalama ndi zoyamba kuchita

Amalawi amene angakwanitse amapita ku South Africa, India, Kenya kapena Lusaka. Ku South Africa ulendo umodzi wa IVF umadya ma rand zikwi makumi angapo, osawerengera ndege ndi malo ogona, ndipo ambiri amafunika kubwereza. Kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 komanso kusowa kwa ndalama zakunja kunatalikitsanso ulendowu. Wothyola tiyi wa ku Luchenza amathera pa chipatala cha boma cha Thyolo, Malamulo, Mulanje Mission kapena Queen Elizabeth ku Blantyre.

Otsutsa amati dziko limene amayi akufabe pobereka silingaike ndalama za misonkho pa IVF. Labotale yake imafuna magetsi osazima ndi nitrogen yamadzi yosunga miluza pa madigiri 196 pansi pa ziro, m'dziko limene namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022 magetsi anavuta kwa chaka chathunthu. Mfundoyi ndi yolimba, koma nthawi zambiri imagwiritsidwa ntchito ngati chifukwa chosachitira chilichonse, ngakhale zotsika mtengo monga kuchiza msanga matenda opatsirana pogonana, kusamalira bwino amayi amene apita padera, kugawa mankhwala a likodzo ndi kuyeza abambo pamodzi ndi akazi awo. Kampeni ya More Than a Mother ya Merck Foundation, imene Monica Chakwera anali kazembe wake ali mayi wa fuko, inalimbana ndi kusalana ndiponso inathandiza pa maphunziro a madokotala, koma sinatsegule labotale m'chipatala cha boma.

Tanzania inatsegula malo a IVF pachipatala cha boma cha Muhimbili mu 2024. Ku Belgium, gulu la The Walking Egg lotsogozedwa ndi Willem Ombelet linapanga njira yosavuta yokulitsira mluza m'timabotolo tiwiri tolumikizana, pogwiritsa ntchito mpweya wochokera ku soda ndi citric acid m'malo mwa makina okwera mtengo, ndipo njirayi yayesedwa kale ku Ghana ndi ku South Africa. Imatsitsa mtengo wa labotale, koma jakisoni wokhwimitsa mazira amagulidwabe kunja ndi madola.