Msilikali wopuma alibe mawu pa ndalama zake

Ku America, msilikali akavula yunifolomu boma limamulipirira maphunziro a miyezi 36 kudzera m'lamulo la GI Bill, lomwe lidayamba mu 1944 nkukulitsidwa mu 2008. Mwayiwu ndi wa msilikali, koma ouyendetsa ndi ena: aphungu a Congress olemba lamulo, nthambi ya Veterans Affairs yolipira, ndi makoleji olandira ndalamazo. Ndikuona kuti mwa atatuwa, makoleji ochita malonda ndiwo akhala ndi mphamvu zoposa kwa zaka zambiri.

Umboni uli m'lamulo la 90/10. Lamuloli limaletsa koleji yochita malonda kupeza ndalama zoposa 90 pa 100 zilizonse kuchokera ku thandizo la boma. Zotsalazo zichokere kwina, posonyeza kuti alipo ofunitsitsa kulipira maphunzirowo. Koma ndalama za GI Bill, ngakhale zinali za boma lomwelo, zinkawerengedwa kumbali ya 10 ija. Dola imodzi ya msilikali inkaloleza koleji kutapa madola ena 9 kuboma, nchifukwa chake makolejiwa ankasakasaka asilikali opuma. Komiti ya Senate yotsogozedwa ndi Tom Harkin idafotokoza vutoli mu 2012, koma aphungu adatseka mpatawo mu 2021, ndipo kusinthako kudayamba kugwira ntchito mu 2023. Podikira zimenezi, mwa makoleji ochita malondawa, Corinthian Colleges idagwa mu 2015 ndipo ITT Tech idatsekedwa mu 2016, asilikali ambiri nkutsala opanda digiri, miyezi yawo itadyeka.

Ena amati msilikali ndi munthu wamkulu, asankhe yekha, ndipo makolejiwa amaphunzitsa madzulo ndi pa intaneti, zomwe zimakomera munthu wapabanja. Nzoona, koma wosankhayo saona mabuku a chuma a koleji, pomwe boma lili ndi mphamvu yowaona. Enanso amati Congress idakonza zinthu mu 2017 pobwezera miyezi kwa amene sukulu zawo zidatsekedwa. Uku kunali kupoletsa bala, osati kuletsa wobaya. Komanso pofuna kutsatira lamulo la 2017 limeneli, makompyuta a Veterans Affairs adalephera mu 2018, ndalama za lendi za ophunzira nkuchedwa.

Koleji ili ndi maloya ndi oinenerera kwa aphungu, pomwe msilikali ali ndi miyezi 36 yokha. Nthambi yolipira iyenera kupatsidwa mphamvu ndi antchito okwanira kuti iziimitsa ndalama koleji ikangoyamba kugwedezeka, osadikira kuti igwe.