KODI MALUWA AMADYEDWA? MAU A MLANGIZI PA ZA GADENIYA

Tsiku lina tinali ndi msonkhano wa achikumbi kufupi ndi msika wa Chigumula, pa mseu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo. Titatha kukambirana za mizere ndi za nazale ya fodya, tinatulutsa kamtengo kamene tinabwera nako m'chitini, ndi kunena kuti kukadakhala bwino khomo liri lonse likadakhala ndi kamodzi. Pomwepo mkulu wina waimvi anaimirira, nabvula chipewa chake, nati, "Pepani alangizi, kodi maluwa amadyedwa?" Anthu onse anaseka, ndipo ifenso tinaseka nao, pakuti funsolo linali la nzeru. Tsiku lija dzuwa linapendeka tisanayankhe bwino. Tsono tati tiyankhe muno, kuti ndi anzathu a kutali omwe amveko.

Tiyambe ndi kubvomera. Maluwa sadyedwa. Munthu wosiya chimanga chake m'tchire nayamba kusisita maluwa, ameneyo ife sitimuyamikira, ndipo pofika Febuluwale ana ake adzamfunsa okha. Nkhokwe ndiyo yoyamba, ndipo chigafa cha fodya chitsatapo. Koma kunena kuti chinthu si choyamba nkosiyana ndi kunena kuti chiribe ntchito. Mau athu ndi awa: mlimi wa kuno ku Chigumula abzale zitsamba ziwiri kapena zitatu za gadeniya, osati munda wathunthu ai, ndipo azisamale monga asamalira mbeu zina.

Kwa inu amene simumdziwa, gadeniya ndi chitsamba cha masamba obiriwira kwambiri, onyezimira ngati apakidwa mafuta, osayoyoka ngakhale m'chilimwe pamene mitengo ina yatsala nthambi zokha. Msinkhu wake umafika m'chiuno kapena m'phewa mwa munthu. Maluwa ake ngoyera mbee, ndipo madzulo fungo lake limamveka ndi kuseri kwa nyumba komwe. Kwao ndi ku China ndi maiko oyandikana nako, kumene kuyambira kale zipatso zake amapangira utoto wachikasu. Atafika ku England anthu anayesa kuti kwao ndi ku Cape, nchifukwa chake ena akali kumutcha Cape jasmine. Dzina loti gadeniya linachokera kwa Alexander Garden, dokotala wobadwira ku Scotland amene anali kukhala ku Charleston, ku America. Amene anapereka dzinalo ndi bwenzi lake John Ellis, cha m'ma 1760.

Odziwa za zomera amamuika m'banja limodzi ndi khofi ndi mtengo wa kwinini, ndipo abale ake ena amamera okha m'thengo mwathu muno. Potchula khofi takumbukira nkhani yoyenera mkulu uja. M'chaka cha 1878 Jonathan Duncan, wosamalira munda wa Mishoni ya Blantyre, anabwera ndi timitengo ta khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Amene anamuona akuthirira timitengo tija akadatha kufunsa funso lomwe lija. Koma zisanathe zaka makumi awiri khofi anasanduka mbeu yaikulu yogulitsa kunja kwa dziko lino. Sitikunena kuti gadeniya adzatero; tikadatero tikadakunamizani. Tingoti munda wa pakhomo ndiyo sukulu imene mbeu zambiri zinayambira.

Ndipo gadeniya ndi mphunzitsi ndithu, wosabisa mau. Woyamba amene tinabzala, pamene tinali kuphunzitsa ana tisanalowe ntchito ya ulangizi, tinamupha ndi manja athu omwe poyesa kumchitira zabwino. Tinamuika m'mphepete mwa khoma lopakidwa laimu kuti alendo azimuona. M'mawa uli wonse tinali kuthira patsinde pake phulusa la kukhitchini, monga tichitira ndi nthochi, ndipo madzi ochapira zobvala anali kutayidwa pomwepo. Itapita miyezi yowerengeka masamba a kunsonga anasanduka achikasu, mitsempha yokha iri yobiriwira. Ife, poyesa kuti ali ndi njala, tinaonjeza phulusa. Sanaone dzinja lachiwiri.

Chimene sitinadziwe nchakuti nthaka iri ndi kukoma kwake monga chakudya. Ina njowawasa, ina si yowawasa. Akatswiri amayeza kuwawasako ndi muyeso wotchedwa pH: pa 7 ndi pakati, ndipo nambala ikamatsika nthaka ikunka niwawasa. Gadeniya amafuna nthaka ya pakati pa 5 ndi 6. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amafuna yowawasa koposa pamenepa pang'ono, pamene chimanga chimakondwa pafupi ndi 6 kapena kupitirirako. Nthaka yofiira ya kumapiri kuno, kumene mvula imagwa yambiri, kawirikawiri imakhala yowawasa kale, ndiye mwai wathu: chimene anthu a maiko ena amabvutika kukonza ndi mankhwala, ife tinachipeza chiripo. Koma phulusa, laimu, zinyenyeswa za simenti ndi madzi a sopo zimachotsa kuwawasa kuja. Zikatero, mchere wa chitsulo umene uli m'dothi umamangika, mizu nkulephera kuumwa, ngakhale ulimo wambiri. Chitsamba chimafa ndi njala chakudya chiri pomwepo.

Tsono mvetsani bwino pano, pakuti ndipo pagona phindu la mlimi wa chimanga. Masamba a gadeniya amachita chikasu mwa njira ziwiri. Akayamba ndi masamba anthete a kunsonga, mitsempha nkutsala yobiriwira, bvuto ndi lija tanenali, ndipo kuonjeza phulusa nkukulitsa nthenda. Koma akayamba ndi masamba akale a m'munsi, tsamba lonse nkuyezuka pamodzi ndi mitsempha yomwe, imeneyo ndi njala ya nayitirojeni, yomwe ija muiona pa masamba a m'munsi a chimanga chosathiridwa feteleza wobereketsa. Mwana amene waphunzira kusiyanitsa ziwirizi pa chitsamba cha pakhomo, chimene achiona m'mawa ndi madzulo, sadzaima m'munda nangoti "chimanga chadwala." Adzayamba wayang'ana kuti ndi tsamba liti layamba. Pa zaka zimene tinakhala m'kalasi sitinapeze chithunzi cha pabolodi chophunzitsa zimenezi koposa chitsamba chamoyo.

Phunziroli liri ndi mbali yake yachiwiri. Feteleza wa salufeti amawawasitsa nthaka. Kwa gadeniya zimenezi nzabwino: kasupuni kamodzi kowaza patali ndi tsinde, kawiri kapena katatu m'dzinja, nkokwana. Koma m'munda wa chimanga, salufeti kapena yureya wothiridwa chaka ndi chaka popanda manyowa amanka nawawasitsa nthaka kufikira feteleza wokulitsa aleka kugwira bwino ntchito. Mlimi amadandaula kuti feteleza wa masiku ano ngwosalimba, chikhalirecho yatopa ndi nthaka. Amene mukukaika za munda wanu, funsani mlangizi wa kwanu za katengedwe ka dothi lokayezetsa. Malo a kafukufuku a Bvumbwe ali patsogolo pang'ono pa mseu womwewu.

Kabzalidwe kake nkosabvuta. Dikirani mvula ikhazikike, mu Disembala kapena Januwale. Sankhani mbali ya kum'mawa kwa nyumba, kumene dzuwa la m'mawa lifika koma la masana litchingika, ndipo mutalikire khoma mapazi anai kapena asanu. Kumbani dzenje la mapazi awiri m'mimba mwake, nimusakanize dothi la pamwamba ndi masamba oolerana bwino, opanda phulusa. Musamuzike kupitirira pamene dothi linalekeza m'chubu. Ngati malowo amadikha madzi, unjikani kachulu nimubzale pamwamba, pakuti mizu yake imaola msanga m'chithaphwi.

Inu olima fodya tikuchenjezeni mwapadera. Musatenge dothi la pa nazale yakale ya fodya, kapena la m'dimba la matimati, kukathira m'dzenjelo. Tinyongolotsi tija tosaoneka ndi maso, timene timatupitsa mizu ya fodya nkukhala mfundomfundo, timakondanso kwambiri mizu ya gadeniya, ndipo tikalowa palibe kuchitira mwina koma kuzula ndi kutentha. Chifukwa chomwecho chimene tikuuzirani kuti musafese fodya pamalo pamodzi chaka ndi chaka ndicho chigwiranso ntchito pano.

Mizu ya gadeniya imayenda pamwamba, choncho khasu lisafikepo. Udzu muzizula ndi manja. Pano tipemphe amai athu. Tidziwa kuti pabwalo posesedwa mbee ndi ulemu wa mwini khomo, ndiponso njoka iribe pobisala. Sitikutsutsa. Koma tsache likapita tsiku ndi tsiku patsinde pa chitsambachi limakokolola dothi ndi kusiya mizu padzuwa. Siyani kabwalo kakang'ono kozungulira, nimuphimbire ndi masamba ouma kapena a paini, osagunditsa ku tsinde kuopa chiswe. Kwina konseko sesani monga mwa masiku onse.

Nthawi ya mayeso ndi Seputembala ndi Okutobala. M'miyezi ya chisanu chiperoni chimatithandiza ndi nkhungu ndi mvula yowaza, koma kukatentha gadeniya amayamba kuika mphundu za maluwa pa nthawi yomwe nazale ya fodya ifuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo zitsime zatsika. Mukamthirira lero kwambiri, nkumuiwala sabata yathunthu, mphunduzo zimayoyoka zisanamasule. Amafuna chinyezi chosadukiza: ndowa imodzi kawiri pa sabata, ngati mwaphimbira bwino. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ngabwino, malinga mulibe sopo. Nchifukwa chake tati ziwiri kapena zitatu. Wobzala makumi awiri adzakangana ndi mkazi wake pa za ndowa, ndipo mlanduwo ife tidzaweruza mokomera mai.

Mukaona masamba ada ngati apakidwa mwaye, ndipo nyerere zikukwera ndi kutsika, tembenuzani tsamba: mudzapeza nsabwe kapena tizilombo tomata toyamwa madzi a chomera. Pukutani ndi kansalu konyowa ka sopo pang'ono, nimutsukuluze ndi madzi oyera. Kudulira nthambi muchite maluwa akatha, osati asanayambe.

Tifike tsopano pa za ndalama, pakuti tidziwa kuti ena mwakhala mukudikira pamenepa. Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala mzinda umodzi mu 1956, ndipo kuyambira pamenepo tauni yakhala ikukwawa kunka kuno. Lero Chigumula ali m'kati mwa malire a mzinda. Minda imene agogo analimamo yadulidwa mapoloti, ndipo mabanja ambiri atsala ndi kachigawo kosakwana kudzaza nkhokwe. Zimenezi zimatiwawa, koma ziripo. Tsono nyumba iri yonse yatsopano ya mpanda wa njerwa imafuna mitengo ndi maluwa, ndipo mwaona nokha anthu ogulitsa mbande m'machubu m'mphepete mwa miseu ya ku Limbe ndi ku Blantyre. Ndani adziwa za nazale koposa mlimi wa fodya? Kukonza bedi, kuika mthunzi, kuthirira ndi kheni ya sefa, kukhwimitsa mbande: zonsezi muli nazo kale m'manja.

Dulani nsonga za nthambi zimene zayamba kukhwima, zotalika mainchesi anai kufikira asanu ndi limodzi. Chotsani masamba a m'munsi, nimuzike m'mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi masamba oolerana, pamthunzi, posauma. Pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu zambiri zimakhala zitagwira mizu. Njira ina ndiyo kugoneka nthambi ya m'munsi pansi, kuikanda pang'ono, ndi kuikwirira ikali pa make kufikira itamera mizu. Gulitsani mbande, osati maluwa othyola. Duwa la gadeniya likangokhudzidwa ndi zala limachita mawanga ofiirira, ndipo lotengedwa pa njinga kapena m'minibasi lidzafika ku Limbe litanyala. Ndiponso musawerengeretu ndalamazo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Iyi ndi ndalama ya mchere ndi makope a ana, ndipo imayamba kuoneka chitsamba chikakula, patapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Pomwe tikulimbikitsa maluwa, pali awiri amene tikuti muwatalikire, pakuti si liri lonse lokongola liyenera khomo la mlimi. Woyamba ndi lantana, chitsamba chija cha timinga ting'onoting'ono, cha maluwa osakaniza achikasu, ofiira ndi otuwira, ndi tizipatso takuda. Kwao ndi ku America, ndipo anabwera ku Africa ngati duwa la mpanda. Mbalame zinamwaza njere zake, ndipo lero watsekereza madambo, mabusa ndi m'mphepete mwa mitsinje; ng'ombe ikadya masamba ake imaonongeka chiwindi, khungu nkusupuka padzuwa. Wachiwiri ndi oliyanda, wa masamba aatali osongoka ndi maluwa ofiira kapena oyera. Ameneyu ndi poizoni kuyambira ku mizu kufikira ku duwa, kwa mbuzi ndi kwa ana omwe, ndipo kamtengo kake sikayenera kusomekera nyama kapena mbewa pamoto. Wina akakupatsani mbeu ya duwa limene simulidziwa, yambani mwafunsa.

Tibwerere kwa mkulu uja. Msonkhano utatha, anthu akubalalika, iye anatsalira m'mbuyo natifunsa ngati chitini chija chinali ndi mwini wake. Anati si cha iye ai, koma cha amai a kunyumba, amene amakonda zotere. Tinampatsa. Patapita sabata mdzukulu wake anafika pa njinga ndi uthenga wochokera kwa agogo ake aakazi, wofunsa kuti, popeza alangizi aletsa phulusa pa duwalo, tsono azikalitaya kuti. Tinayankha kuti ku nthochi ndi ku dzenje la manyowa a m'munda, monga kale.