Wolemba Waganyu Amayamba Wamva Mtengo

Abale, m'mizinda yambiri ya ku America khonsolo imalemba munthu ntchito yoyendetsa mzinda, monga anachitira a ku Staunton, Virginia, mu 1908 polemba Charles Ashburner. Masiku ano pangano la munthu wotere limatchula malipiro, galimoto, penshoni ndi ndalama zomupatsa akachotsedwa asanalakwe. Khonsolo imalivomereza pamsonkhano wapoyera, ndipo aliyense angapemphe kuliwerenga.

Kwathu kuno Ulongwe inakhala munisipiyo mu 2008, ndipo mtsogoleri wake amasankhidwa pavoti. Komabe ndalama n'zathu. Mayi wobwera ndi kachewere kumsika amadula tikiti asanagulitse kanthu. Kodi akudziwa kuti akuluakulu a munisipiyo amalandira metikaisi angati pamwezi? Tiyeni tikafunse. Kufunsa za msonkho wako si mwano ayi.