Misonkhano ya ulimi wa manyowa ikuchuluka, koma mlimi wa ku Angónia apindulanji?

Mu January 2025 atsogoleri a mayiko a mu Africa anakumana ku Kampala n'kuvomereza ndondomeko yatsopano ya zaulimi ndi chakudya yoyambira 2026 kufika 2035. Mu July chaka chomwecho kunachitikanso msonkhano wa United Nations ku Addis Ababa wounika kayendetsedwe ka chakudya padziko lonse. Mawu omveka kawirikawiri pamisonkhano yotere ndi akuti nthaka yaguga, ndipo ulimi uyenera kusintha.

Malonjezo otere si achilendo kuno. Munali mu mzinda wa Maputo, mu 2003, momwe maboma analonjeza kuika magawo 10 pa 100 alionse a bajeti yawo ku ulimi. Ndi mayiko ochepa okha omwe akwanitsa.

Misonkhanoyi imagawika pawiri. Ya ku Abuja mu 2006 inafuna kuti feteleza afike makilogalamu 50 pa hekitala. Mbali ina kuli misonkhano ya ulimi wosathira feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala, monga wa ku Lusaka mu 2012 ndi wa ku Kigali mu 2023, komanso mabungwe a alimi ang'onoang'ono ngati UNAC, lomwe linalandira msonkhano waukulu wa La Via Campesina ku Maputo mu 2008. Kukwera mtengo kwa feteleza mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka, kunapatsa mphamvu mbali yachiwiriyi. N'chifukwa chake ku Nairobi, mu May 2024, atsogoleri analonjeza kuchulukitsa katatu feteleza wopangidwa mu Africa muno pofika 2034, wa manyowa ndi wa m'fakitale yemwe.

Pomwe pavuta ndi pa masamu, omwe satchulidwa kwambiri m'zipinda za misonkhano. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, chakudya chomwe chimanga chimafuna kwambiri. Kuti mlimi apeze mlingo womwewo kuchokera ku manyowa a m'khola, afunika matani awiri kapena kuposerapo. Wokhala ndi ng'ombe ndi ngolo ku Angónia kapena ku Tsangano akhoza kutero. Mayi wamasiye wa mbuzi zitatu, wotuta ndi dengu pamutu, sangathe, ndipo kumuuza kuti asiye feteleza chaka chino n'kumuitanira njala. Komanso feteleza yekha pa nthaka yoguga sabweza ndalama, makamaka mvula ikadula ngati mmene inachitira mu nyengo ya El Niño ya 2023/24. Munda wa manyowa ndi wophimbira ndi mapesi umasunga chinyezi masiku ochulukirapo.

Alimi ambiri sanadikire kuti akatswiri agwirizane. Amabzala soya, nyemba, mtedza ndi nandolo mosinthanitsa kapena mophatikiza ndi chimanga, ndipo amasiya msangu m'munda chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja osaphimba mbewu. Tsidya la malire ku Malawi kwafala feteleza wa Mbeya, wosakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza wogula pang'ono, n'kumusunga m'thumba kwa milungu itatu. Pa malamulo a ulimi wa manyowa okhaokha ameneyu sangavomerezedwe, komatu ndi amene akuchepetsa ndalama zomwe banja limawononga.

Nkhani ya msika nayo ndi yovuta. Kuti zokolola zigulidwe pa mtengo wokwera ngati zolimidwa popanda mankhwala, pamafunika satifiketi, kulipira oyendera munda, ndi kudikira zaka ziwiri kapena zitatu munda usanavomerezedwe. Wogula mbatatesi kapena kabichi ku Ulónguè safunsa pepala, amafunsa mtengo. Njira yotchipa, yomwe bungwe la IFOAM limaivomereza, ndi yoti alimi ndi ogula a dera limodzi aziyenderana minda n'kutsimikizirana okha, koma imafuna magulu olimba.

Choncho poyesa ndondomeko ya Kampala m'chigawo cha Tete, zofunika kuyang'ana ndi zochepa: ngati alangizi achuluka m'midzi ndipo akuphunzitsa za kompositi m'chilankhulo cha alimi, ngati mbewu ya soya ndi nandolo ikufika mvula isanagwe, komanso ngati kafukufuku wa sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè akutuluka kupita m'minda ya anthu. Zonsezi zikudalira ndalama zomwe nyumba ya malamulo ku Maputo iike ku ulimi mu bajeti ikubwerayi.