ULENDO WA KU MPESA UNATSALA PANG'ONO KUDYA NG'OMBE YA ALAMU

Abale anzanga, sabata ino ndikambako za kwathu kwenikweni, za m'nyumba mwa achemwali anga cha ku Namitambo kuno. Andilola kuti ndilembe, bola maina asatuluke.

Iwo ndi alamu akwanitsa zaka 10 chimangitsireni ukwati woyera. Ana alipo atatu, ng'ombe ya mkaka imodzi, dimba la tomato ndi kagolosale ka pakhonde. Mpaka mwezi watha, banjali linali lachitsanzo m'mudzi monse. Chinadzasokoneza ndi foni.

Mnzawo wa achemwali, amene ankakhala naye desiki imodzi ku pulayimale, anatsatira mwamuna wake ku Cape Town. Tsono anaika zithunzi pa WhatsApp: iye ndi bambo wakewo ali m'munda wa mpesa, avala mikanjo yoyera yosambira, matambula a vinyo ali m'manja, kumbuyo mapiri. Pansi pake analemba kuti akukumbukira tsiku la ukwati wawo. Chithunzi china mayiyo wagona chafufumimba, wina akumusisita msana ndi mafuta.

Achemwali anangoti, "Bambo a mwana, taonani anzathu." Mawu asanu okha. Koma alamu sanagone. Kutacha anayamba kufunsa mtengo wa basi ya ku Joni, ndipo pofika Lachitatu anali atapeza kale munthu wogula ng'ombe. Ati sangalole kuti mkazi wawo azioneka wotsalira.

Ine pomva izi ndinati dikirani kaye alamu, ndifufuze. Pajatu ntchito yanga ndi yomweyo.

Malo a mpesawo ndi enieni ndithu. Ali ku Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek, ndipo Stellenbosch ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cape Town. Vinyo woyamba kumeneko anafinyidwa mu 1659 m'nthawi ya Jan van Riebeeck, tauni ya Stellenbosch inakhazikitsidwa mu 1679, ndipo Afalansa othawa nkhondo ya chipembedzo anafika cha mu 1688 n'kukhala ku Franschhoek. Masiku ano eni minda ambiri anamanga mahotela m'kati mwa mpesa momwemo. Mlendo amalawa vinyo, kudya, kenaka kukalowa m'chipinda chotchedwa spa komwe amakuthowa ndi madzi ofunda, kukutikita thupi, mwinanso kukupaka zinthu zopangidwa ndi njere za mphesa.

Mwina mukufunsa kuti bwanji kuno tilibe minda yotero, chonsecho mapiri tili nawo. Nkhani ndi mvula. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa kuli dzuwa louma, kuyambira Januwale mpaka cha mu Marichi. Kuno miyezi imeneyo ndiye mvula ili pakati, mphesa zimachita nguwi n'kuola. N'chifukwa chake vinyo wa Linga wa ku Lilongwe amapangidwa ndi zipatso zathu zomwezi, monga jambula, magwafa ndi chidede.

Tsono tiyeni tione njira. Basi yochoka ku Blantyre imadzera ku Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenaka Beitbridge mpaka Johannesburg. Ndi masiku awiri a pa mpando. Ukafika apo, Cape Town idakali makilomita pafupifupi 1,400 kutsogolo. Onjezani mapasipoti awiri, chifukwa onsewa alibe. Onjezaninso kuti zonse kumeneko umalipira ndi randi, pomwe kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nditawerengetsera pa pepala ndinaona kuti ng'ombeyo ikanawafikitsa pa geti la hotela basi, kubwerera akanayenda wapansi.

Ndinaimbiranso mnzanga wina amene tinalembera limodzi MSCE, pano amatsuka mbale pa famu ina ya mpesa komweko. Anaseka mpaka kutsamwa. "Amwene," anatero, "ife Amalawi kuno tilipo ambiri, koma tili ku khitchini, m'munda ndi pa geti. Ukaona chithunzi, funsa kaye kuti wajambula ndani ndipo yunifomu waibisa pati." Sindikunena kuti mnzawo wa achemwali ananama, mwina anasunga ndalama zake chaka chonse, ndi ufulu wake. Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndipo nyerere za m'minda imeneyi n'zakale. Kwa zaka zambiri antchito akumeneko ankalipidwa mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop. Lamulo linauletsa cha m'ma 1960 koma m'mafamu ena unapitirira mpaka m'ma 1990, n'kusiya mabanja omangika ndi mowa. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito pokana malipiro a R69 pa tsiku, akufuna R150, ndipo mu 2013 boma linakweza kufika R105. Ife a ku Chiradzulu zoterezi si zachilendo. Agogo athu anagwira thangata m'minda ya azungu ku Magomero, mpaka John Chilembwe wa ku Mbombwe anadzuka mu Januwale 1915. Munda wokongola umakhala ndi msana wa wina pansi pake.

Nkhani inafika kwa ankhoswe, chifukwa kuno n'kuchikamwini ndipo ng'ombe ili m'khola la pa malo a akuchikazi. Malume anamvetsera mbali zonse osadula mawu. Atatha anatembenukira kwa achemwali.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, vinyo umamwa?"

"Ayi malume, ndine wa kwaya."

"Nanga ku Joniko ukufunako chiyani?"

Achemwali anakhala chete, kenaka misozi. Anati iwo sanapemphe Joni. Chimene chinawagwira mtima pa chithunzi chija n'chakuti mayi uja anangokhala, manja ali pa miyendo, mwamuna wake ali pambali akumuyang'ana. Anati pa zaka 10 sakumbukira tsiku limene anadzuka dzuwa litatuluka. Kukama ng'ombe, kumweta nsenjere, ku mjigo, ana ku sukulu, kuthirira tomato, golosale, nsima, mawa chimodzimodzi. Ndipo tsiku la ukwati wawo chaka chilichonse amalikumbukira okha.

Alamu anawerama ngati awathira madzi. Anali okonzeka kugulitsa chuma chonse cha banja, koma malume atawafunsa deti la ukwati, anaphonya ndi mwezi wathunthu.

Apa ndi pamene ndikufuna tigwirizane, abambo anzanga, ngakhale ine sindinakwatire ndipo mudzati mwana akudziwa chiyani. Maganizo a azunguwa oti mwamuna ndi mkazi azichokako pakhomo awiriwiri kamodzi pa chaka si oipa ayi. Choipa n'kutengera mtengo wake n'kusiya phindu lake. Ena amathamangira ku katapila kapena ku banki m'khonde kuti akajambulitse ku nyanja, pobwera n'kumakangana za ngongole mpaka Disembala, feteleza osagula. Ena ndiye amati zimenezo n'zachizungu, mkazi wanga amadziwa kale kuti ndimamukonda. Onsewa aphonya.

Chonsecho malo tili nawo pafupi. Minda ya tiyi ya ku Thyolo n'njobiriwira ngati mpesa womwewo, ndipo ku Satemwa, komwe kunayamba mu 1923, alendo amalawa tiyi monga anzathu amalawira vinyo. Kuli Zomba pamwamba pa phiri, ku Chawe ndi damu la Mulunguzi. Kuli mathithi a Likhubula ku Mulanje. Ngakhale phiri lathu lomweli la Chiradzulu, ndi angati a inu munakwerapo ndi akazi anu popanda nkhwangwa m'manja?

Mathero ake, Loweruka lapitali alamu anagulitsa madengu angapo a tomato, nakwera minibasi ndi achemwali kupita ku Zomba. Anagona usiku umodzi pa malo ogona alendo wamba, anadya chambo chophika munthu wina, anakwera ku phiri. Achemwali akuti anadzuka 8 koloko, ndipo madzi osamba anawatengera ndi alamu. Chithunzi anajambula chimodzi chokha, nachonso chinatuluka chamdima.

Ng'ombe ili m'khola, ikukamidwa. Wovutika ndinali ine, amene anandisiyira ana atatu ndi chidebe chokamira, ndipo ng'ombeyo inandiponda chala chachikulu.

Tsono bambo amene mukuwerenga, pindani nyuziyi kaye, musafunse aliyense: ukwati wanu unali pa deti lanji? Tionana sabata ya mawa.